Mwana Amadzifunafuna M'chithunzi

Mwana asanadziwe zilembo, amayamba wawerenga zithunzi. Akatsegula buku, maso ake amasakasaka nkhope yofanana ndi yake, chovala chonga cha mayi ake ndi nyumba yonga ya kwawo. Pa zaka zimene ndaphunzitsa ku madrasa kuno ku Chinsapo, ndaona kuti chithunzi chimakhazikika mumtima msanga kuposa ulaliki.

N'chifukwa chake ndikulembera inu makolo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, amene ana anu ena akukulira kwa achibale ku Kawale, Biwi ndi Mgona. Mabuku akale a ana amafika mu Lilongwe ngati kaunjika, ndipo ena amawerengedwa pa foni. Ambiri ndi abwino, koma pali ena ophunzitsa kuti umuna ndi ukazi zimachokera m'mene munthu akudzimvera mumtima. Chitsanzo ndi I Am Jazz la mu 2014, lofotokoza za mwana wobadwa wamwamuna amene amadziona kuti ndi mtsikana. Ku America komweko mabuku otere amautsa mkangano. Mu June 2025, khothi lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Mahmoud v. Taylor, linagamula mokomera makolo a ku Maryland, Asilamu ndi Akhristu, amene ankafuna ufulu wotulutsa ana awo m'kalasi pamene mabuku oterowo akuwerengedwa.

Tsiku lina mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu anabwera m'kalasi mwanga ndi buku lokhala ndi chithunzi cha mnyamata wovala diresi. Anyamata anafa nalo phwete, kenako anayamba kuloza mnzawo wofatsa, amene amaphika ndi kutunga madzi kwawo chifukwa mayi ake ndi odwala, n'kumamutchula dzina lachitsikana. Mwanayo anangowerama, misozi ili lendelende. Kuseka kumeneko kunandipweteka kuposa bukulo.

Ndinawatsegulira Surah Al-Hujurat. Ndime 13 imatikumbutsa kuti Allah anatilenga kuchokera kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo hadith ya mu Sahih Bukhari imaletsa mwamuna kudzifanizira ndi mkazi, ngakhalenso mkazi kudzifanizira ndi mwamuna. Pamenepo Chisilamu sichizengereza, ndipo ana ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa ife. Koma surah yomweyo, pa ndime 11, imaletsa kunyogodolana ndi kutchulana mayina achipongwe. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, anafotokoza kuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ankatumikira banja lake pa ntchito za pakhomo. Msodzi wosoka chilimira pagombe sataya umuna wake chifukwa chogwira singano, ndiye mnyamata wogwira mthiko angautaye bwanji? Tikamaseka mwana wofatsa kuti si mwamuna weniweni, ndife amene tikumufesera chikaiko. Akasowa chifundo kwathu, adzapita kwa aliyense womulandira.

Kung'amba buku n'kosavuta, koma funso la mwana silitha ndi kung'amba. Vuto lathu lalikulu ndi loti tilibe mabuku okwanira omwe ana athu angadzionemo. Mu 2019 ku Balaka kunabuka ziwawa pa nkhani ya hijabu kusukulu, ndipo mgwirizano wololeza atsikana kuvala hijabu unasainidwa mu 2021 kudzera ku Public Affairs Committee. Komabe ndi mabuku angati a zithunzi a m'Chichewa kapena m'Chiyao omwe ali ndi mtsikana wovala hijabu, kapena mnyamata wa mzuli akuthandiza agogo ake kuyanika usipa? Ibtihaj Muhammad, amene anapikisana nawo pa masewera a Olympics mu 2016 atavala hijabu, analemba The Proudest Blue mu 2019, nkhani ya mtsikana wovala hijabu koyamba kusukulu. Ifenso tili ndi alembi ndi ojambula.

Pempho langa ndi ili: buku likalowa m'nyumba, yambani mwaliona inuyo. Mwana akafunsa, mukhazikeni pamphasa ndi kumuyankha modekha, chifukwa amene wakalipiridwa lero sadzafunsanso mawa. Mashehe ndi makomiti a mizikiti aganizirenso zosonkha ndalama zosindikizira nkhani zathu. Ana ndi amanah imene Allah anatisungitsa, ndipo adzatifunsa chimene tinaika m'maso mwawo.