Joliet: Mzinda wa Miyala, Ndende ndi Koleji ya Zaka Ziwiri

Munthu akakwera sitima ya pa njanji mu mzinda wa Chicago, m'dziko la America, nalunjika kum'mwera cakumadzulo, pakutha pa ola limodzi ndi theka amakhala atafika ku Joliet, m'mphepete mwa mtsinje wa Des Plaines. Dzinali likumbutsa Louis Jolliet, uja anadutsa m'dera limeneli pa bwato m'caka ca 1673 pamodzi ndi Bambo Jacques Marquette wa cipani ca Ajezuiti. Cimene cimayamba kukopa maso a mlendo ndi miyala: machalichi ndi nyumba zakale zomangidwa ndi mwala wotuwa mwacikasu, umene anthu anali kukumba pansi pa mzinda womwewo.

Nyumba yochuka koposa zonse ndi ndende yakale ya mu msewu wa Collins. Akaidi oyamba anafika mu 1858, ndipo ndi iwo amene anaphwanya miyala nadzimangira okha malinga owatsekera. Ndendeyi inatsekedwa mu 2002, ndipo mu 2018 anayamba kulowetsamo alendo odzaona zipinda zake. Capafupi pali mabwinja a fakitale yaikulu ya zitsulo. Kwa zaka zambiri eni mabanja a m'mzindamu anali kudya thukuta lao, wina kokumba miyala, wina pa ng'anjo, wina pa cipata ca ndende. Mafakitale atagwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, pafupifupi munthu mmodzi mwa anai alionse ofuna nchito anali pa ulova. Nanga bambo wa zaka 40, amene manja ake adziwa citsulo cokha, akayambire pati?

Ambiri anayambira ku Joliet Junior College, imene likulu lake lili kumadzulo kwa mzinda, mu msewu wa Houbolt. Inayamba mu 1901 ndi ophunzira 6 okha, mwa nzeru za J. Stanley Brown, mkulu wa sukulu ya sekondale ya m'mzindamo, ndi William Rainey Harper, mtsogoleri wa University of Chicago. Ndiyo yakale koposa mwa makoleji aboma a zaka ziwiri m'dzikolo, amene eni ake amawacha community college, ndiko kuti koleji ya anthu a m'deralo. Khomo lake ndi lotsegukira aliyense amene anatsiriza sekondale, ndipo wokhala m'deralo amalipira zocepa popeza misonkho ya nyumba za kwao ndiyo ina imene imayendetsa sukuluyo. Maphunziro ena amacitika madzulo, kotero kuti mai woweruka ku nchito amakhala m'kalasi limodzi ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wake.

Maphunziro a nchito za mu ofesi ndiwo asintha koposa. Kalaliki wakale anali kuphunzira taipi kamodzi, nadyera luso limenelo mpaka kupuma pa nchito. Wa lero amaphunzira kulemba makalata pa Word, kuwerengera ndalama pa Excel ndi kusunga mafaelo m'kompyuta, akudziwa bwino kuti zaka zowerengeka zikapita adzayenera kuphunziranso zina. Ine ndiona kuti pamenepa m'pamene koleji yotere iposera yunivesite yakutali: ili pakhomo, ndipo munthu angabwererekonso osacita manyazi. Ena amalowa mozama m'za makompyuta, monga kulumikiza makina a pa kampani ndi kuwateteza kwa akuba a pa intaneti. Nchito yake siili patali, pakuti kum'mwera kwa mzinda kwadzaza nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu wobwera pa njanji, ndipo palibe bokosi limene limacoka m'menemo kompyuta isanalilembe.

Koma m'mzinda umene dzina lake lamveka ndi ndende kwa zaka zoposa 160, maphunziro ocititsa cidwi ndi a za milandu ndi cilungamo. Wophunzira amadziwa malamulo a milandu yaupandu, kasungidwe ka umboni kuti usakanidwe ku khoti, ufulu wa munthu wogwidwa, milandu ya ana, ndi kayang'aniridwe ka mkaidi womasulidwa nthawi yake isanakwane. Amaphunziranso kulemba lipoti lomveka, cinthu cooneka caching'ono, koma lipoti lolembedwa mosasamala lingamasule wolakwa kapena kumangitsa wosalakwa. Akatha zaka ziwiri amalandira digiri yaing'ono, imene angapitirize nayo ku yunivesite. Digiriyo payokha simsandutsa wapolisi ai; wolembedwa nchitoyo ayenera kupitanso ku sukulu ya apolisi.

Ophunzira amenewa sasowa poonera zimene akuwerenga. Kumpoto kwa Joliet, ku Crest Hill, kuli ndende ina ya Stateville, imene inatsegulidwa mu 1925. Mu 2024 woweruza wa khoti la boma lalikulu analamula kuti akaidi ambiri asamutsidwe m'menemo, cifukwa nyumba zake zinali zitaonongeka kotero kuti miyoyo ya okhalamo inali pa ngozi. Akaidiwo anagawidwa m'ndende zina za m'cigawo ca Illinois, ena kutali ndithu ndi abale ao amene anali kubwera kudzawaona kucokera ku Chicago.