Mfuti pa nthawi ya Katrina

Nkhani ya ku New Orleans ya mu 2005 imandivutabe mumtima. Namondwe wa Katrina atagumula zipupa zotchinga madzi, mbali yaikulu ya mzinda inamira, magetsi anazima, mafoni osagwira. Mkulu wa apolisi, Eddie Compass, analamula kuti anthu wamba alandidwe mfuti. Tangoganizani gogo ali yekhayekha m'nyumba, kunja kuli mdima wa ndiweyani, wapolisi woti n'kumuitana palibe, koma tsiku lomwe wapolisiyo atulukire akudzafuna kamfuti kamene gogoyo anagula movomerezeka. Apa boma linalakwa ndithu. Khoti linaletsa kulandako mu September momwemo, ndipo mu 2006 aphungu a ku America anakhazikitsa lamulo loletsa kulanda mfuti zovomerezeka pa nthawi ya ngozi zogwa mwadzidzidzi.

Komabe mtima wanga sukhala pansi. Ku Algiers Point, mumzinda momwemo, azungu ena anatenga mfuti n'kumati akulondera dera lawo, n'kuyamba kuwombera anthu akuda ongodzidutsira pothawa madzi. Pa mlatho wa Danziger, apolisi enieniwo anawombera anthu 6 opanda chida chilichonse m'manja, awiri n'kumwalira. Mmodzi mwa omwalirawo anali mnyamata wa zaka 17 zokha.