Theka m'Kalasi, Theka pa Foni

Ambiri a ife amene tinakulira mu Blantyre tinamvapo kwa makolo athu za sukulu ya makalata. M'chaka cha 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College mu mzinda uno. Wophunzira ankalandira mapepala pa positi, namvera phunziro pa wayilesi, ndipo ena ankakomana ndi mphunzitsi madzulo. Motero kuphunzira theka pamaso pa mphunzitsi, theka uli kutali, si chinthu chachilendo kwathu kuno. Chasintha ndi chipangizo: pamene panali envulopu, lero pali foni ndi kompyuta.

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. Sukulu zaukachenjede zinayamba kutumiza maphunziro kudzera pa Moodle, Zoom ndi WhatsApp, ndipo zitatsegulidwanso njira imeneyi sinatayidwe. Mwana wathu wa ku MUBAS, imene mpaka 2021 inali Polytechnic, amatha kumva phunziro lina m'kalasi, lina nalipeza pa intaneti. Tiyeni tilingalire za ophunzira aŵiri amene timawaona tsiku ndi tsiku.

Woyamba ndi wa konkuno, wa ku Ndirande kapena ku Bangwe. Amagona m'chipinda chimodzi ndi abale ake, ndipo ndalama ya bandulo imachokera m'thumba lomwelo logulira ufa ndi makala. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo kwa miyezi yoposa 12 magetsi ankazima maola ambiri. Tinaona achinyamata akuyenda ndi chaja m'thumba, kufunafuna khomo limene kukuwala. Foni ikathima, phunziro la tsikulo lathera pomwepo. Koma mwana ameneyu ali ndi chuma chimodzi: ali pakati pa anthu ake, ndipo akasoŵa amadziŵa pogogoda.

Wachiŵiri ndi mlendo wochokera ku Lesotho kapena ku Zimbabwe, amene wadzaphunzira za udokotala ku KUHeS, kumene kale kunali College of Medicine. Pa kompyuta savutika kwenikweni, pakuti maphunziro ali m'Chingerezi. Vuto lake limamudikira ku chipatala cha Gulupu, pamene mayi wokalamba amuuza kuti, "Mwanangu, m'mimba mukupotokola, thupi lonse likuphwanya." Mawu otere sawapeza pa Zoom. Amawaphunzira pokhala ndi anzake, pa minibasi ya ku Limbe, pa mbale ya nsima. Nthaŵi ya m'kalasi ikachepa, imachepanso mipata yopezera bwenzi, ndipo madzulo amatha ali yekha m'chipinda, maso ali pa kompyuta.

Tikawayang'ana pamodzi tikuona kuti chimene wina akusoŵa, mnzake angakhale nacho. Makolo athu ananena kuti kalikokha nkanyama, tili tiŵiri ntianthu. Makina amafikitsa phunziro kutali ndithu, ndipo tiyenera kuthokoza, makamaka chifukwa cha amene amagwira ntchito masana naphunzira usiku. Koma makinawo sangatchaje foni ya wosauka, kapena kuphunzitsa mlendo kupereka moni kwa wodwala. Ntchito imeneyi yatsalira ife.

Nanga ife makolo ndi abale tichite chiyani? Mwana akagwira foni madzulo, tisafulumire kumunena kuti akuseŵera. Tiyambe tamufunsa, mwina ali m'kalasi. Timupatse ola limodzi lachete, osamutuma ku chigayo kapena ku mjigo. Ngati kwathu kuli magetsi kapena sola, titsegule chitseko kwa mwana wa mnansi. Ndipo ngati mwana wathu ali ndi mnzake wochokera kunja, timuuze abwere naye Lamulungu adzadye nafe. Mwina tsiku lina tidzagona pa bedi ku Gulupu, ndipo dokotala wotiŵeramira adzatifunsa m'Chicheŵa chimene anaphunzira pakhomo pathu.