Sukulu Ziwiri Pansi pa Denga Limodzi

Abale anga kumudziko, ndikulemba kalatayi mu Januwale, mwezi umene kwathuko chimanga chimakhala chafika m'chiuno, mvula n'kumagwa yofunda moti ana amavula malaya n'kumathamangamo. Kuno ku New York kukuzizira moti chiperoni cha ku Thyolo sichifikako. Dzuwa limaoneka koma silitentha, ndipo ikamakwana 5 koloko madzulo kunja kumakhala kwada kale. Sinowo ikagwa imakongola tsiku loyamba lokha, mawa lake yasanduka matope akuda m'mbali mwa msewu. Anthu amayenda atazyolika, makutu ali m'zipewa, osapatsana moni. Koma ngakhale kukuzizira chonchi, makolo a m'dera limene ndikukhala ku Bronx akutuluka m'nyumba usiku kukasonkhana, chifukwa mitima yawawa ndi nkhani ya sukulu.

Kuti mumve bwino, dziwani kuti kuno kuli sukulu zaulere za mitundu iwiri, ndipo zonse zimayendera ndalama za misonkho. Zina ndi za boma zenizeni, zoyendetsedwa ndi mzinda, zimene zimalandira mwana aliyense wa m'deralo. Zina amazitcha charter. Izi zimalandira ndalama za boma koma zimayendetsedwa ndi mabungwe apadera, okhala ndi malamulo awoawo, yunifolomu yawoyawo, ndipo kawirikawiri aphunzitsi ake sakhala m'bungwe la aphunzitsi. Boma la New York linaziloleza ndi lamulo la 1998. Ana ofuna malo akachuluka, sukuluyo imachita maere, ndiye mwana amalowa kapena kutsala malinga ndi mwayi wake.

Vuto ndi malo. Kwathu mfumu ikhoza kuloza dambo n'kunena kuti mangani apa, koma mumzinda uno dothi lililonse lili ndi mwini wake ndipo mtengo wake ngoopsa. Nthawi ya meya Michael Bloomberg, yemwe analamulira mzindawu kuyambira 2002 mpaka 2013, sukulu zambiri za charter zinalowetsedwa m'nyumba za sukulu za boma popanda kulipira lendi. Kuno amati co-location, kutanthauza sukulu ziwiri kapena kuposerapo m'nyumba imodzi. Ina imatenga nsanjika yapansi, ina yapamwamba. Iliyonse ili ndi mphunzitsi wamkulu wake, belu lake, nthawi zina ndi khomo lake lolowera, koma chipinda chodyera, holo ndi bwalo la masewera n'zogawana. Zimakhala ngati akazi apamitala ophikira pa mafuwa amodzi: wina akateleka, mnzake adikire, ndipo diso limangokhala pa mphika wa mnzake.

Ndikudziwa chimene mukunena pamenepo. Mukuti anthu amenewa akulira chiyani, poti ife tinaphunzira pansi pa mtengo wa mango, bolodi atalitsamiritsa pa tsinde? N'zoona. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anakhamukira kusukulu mpaka kalasi imodzi kumakhala ndi ana opitirira 100, ena atakhala pansi, miyendo ili tambalale. Koma kuno chipinda chimene akuluakulu amachiwerengera kuti n'chopanda ntchito nthawi zambiri chimakhala chophunziriramo nyimbo, chojambuliramo, kapena chimene mwana wovutika kuyankhula amakumaniramo ndi womuthandiza. Chikatengedwa n'kupatsidwa sukulu ya charter, mphunzitsi wa nyimbo amayamba kukankha zida zake pa kangolo, kalasi ndi kalasi, ndipo mwana wolumala uja amathandizidwira m'khonde, anzake akudutsa n'kumamuyang'ana. Izi n'zimene makolo akukana pa sukulu imene mwana wanga amaphunzira.

Palinso nkhani ya chakudya. Kuyambira 2017 mwana aliyense wa sukulu za boma mumzinda uno amadya nkhomaliro yaulere, ndipo chimenecho ndimachiyamikira. Koma sukulu zikachuluka pa chipinda chodyera chimodzi, amagawana nthawi, moti ana ena amadya nkhomaliro cha m'ma 10 koloko m'mawa, pofika nthawi yoweruka mimba zili pululu. Chakudyacho nthawi zina ndi pizza, buledi wophwatalala wopaka tomato ndi tchizi, pamodzi ndi mkaka wozizira wa m'kabokosi, kunja kukuzizira chomwechi. Ndikaona zimenezi ndimakumbuka phala la Mary's Meals, azimayi a m'mudzi atalawirira kukasonkha moto, ana ali pa mzere aliyense ndi kapu yake, nthunzi ili tolotolo. Palibe ankafunsa kuti iwe ndiwe wa sukulu iti. Ine ndemwe pano ndimaphika nsima ya ufa wa m'sitolo umene sugwirana bwino, ndipo mtima umalakalaka nkhwani wotendera ndi usipa wa ku Nkhotakota. Chakudya kuno n'chambiri, koma ndimadya osakhuta.

Ku msonkhano wa makolo ndinapitako. Unachitikira mu holo ya sukulu madzulo, aliyense atavala jekete lake, otanthauzira ali pambali chifukwa ambiri amayankhula Chisipanishi ndipo ena ndi a ku West Africa. Munthu amapatsidwa mphindi zochepa, nthawi ikatha amamudula mawu ngakhale misozi ili m'masaya. Mayi wina anafunsa kuti mwana wake wosamva bwino akaphunzirira kuti. Bambo wina anafunsa chifukwa chake makolo amamva nkhani zikuluzikulu chonchi zonse zitalembedwa kale. Kenaka anaimirira makolo a sukulu ya charter, atavala malaya ofanana, n'kunena kuti ana awonso ndi ana a mzinda uno, ndipo anawachotsa ku sukulu zina chifukwa sankaphunzirako kanthu. Chimene chinandiwawa n'chakuti mbali zonse ziwiri anali anthu amodzimodzi: oyendetsa taxi, osamalira nkhalamba m'makomo, otsuka m'maofesi usiku. Osauka okhaokha ankalozana zala, eni chiganizocho atakhala phee kutsogolo, akulemba.

Mkanganowu si wa lero. Mu 2011 bungwe la aphunzitsi la UFT ndi bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP anakasuma kukhoti pofuna kuletsa kutsekedwa kwa sukulu zina ndi kugawana nyumba kotereku. Mu 2014 meya Bill de Blasio anakaniza malo sukulu zitatu za Success Academy, gulu la sukulu za charter limene Eva Moskowitz anayambitsa ku Harlem mu 2006. Sipanapite nthawi, bwanamkubwa Andrew Cuomo ndi aphungu a boma la New York anakhazikitsa lamulo loti sukulu ya charter yatsopano kapena yokula ipatsidwe malo, apo ayi mzinda uziilipirira lendi kwina. Lilipo lamulo lina la 2010 lonena kuti charter ikawononga ndalama zoposa $5,000 kukonza mbali yake, sukulu inzake ipatsidwenso ndalama yofanana. Lamulo lotero silibwera chabe. Linabwera chifukwa ana ankakwera masitepe n'kuona penti watsopano kumtunda, kwawo kumunsi makoma akusuwa.

Nthawi zina makolo amapambana. Mu Januwale 2023 mzinda unabweza mapulani olowetsa Success Academy m'sukulu za ku Queens ndi ku Bronx makolo ndi aphunzitsi atakana mwamphamvu. Chinawalimbitsa mtima ndi lamulo la 2022 lochepetsa ana m'kalasi: asapitirire 20 m'makalasi oyambirira, 23 m'makalasi apakati, ndi 25 ku sekondale. Kuti ana achepe m'kalasi pafunika zipinda zambiri, ndiye makolo akufunsa kuti mupereka bwanji zipinda kwa ena pamene mawa muzifuna nokha? Komabe mavoti omaliza amachitikira m'komiti yotchedwa Panel for Educational Policy, imene mamembala ake ambiri amasankhidwa ndi meya. Kholo limene silili m'komitiyo limayankhula, koma silivota.

Apa m'pamene ndimaona kuti kwathu tili ndi chuma chimene sitichiwerengera. Sukulu ya kumudzi kwathu tinaumba tokha njerwa zake. Azibambo ankaponda dothi, azimayi kutunga madzi, ife ana kututa mchenga kumtsinje. Nkhani ikabuka, amfumu amaitana anthu, a komiti ya sukulu amakhala pamenepo, ndipo gogo woyenda ndi ndodo amayankhula mpaka amalize, palibe womuyang'anira wotchi. Nakonso kwathu timagawana makalasi: ku sekondale zambiri ana a open amalowa masana m'zipinda zomwe anzawo atulukamo, ndipo nthawi zambiri amawaphunzitsa ndi aphunzitsi omwewo. Mavuto alipo, mabuku ngochepa, madenga amadontha. Koma timadziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo sitinafikepo poika mzere pakati pa khonde kuti ana a mudzi umodzi asadutsane.

Msonkhano utatha, aliyense anakoka chipewa chake n'kutsikira ku sitima zapansi pa nthaka. Palibe anaperekeza mnzake ngakhale mpaka pa mphambano. Mayi amene ndinakhala naye pafupi timakumana pa geti ya sukulu m'mawa uliwonse, koma kwawo sindikudziwa, nayenso sadziwa kwathu. Ndinafika m'nyumba ndikufuna wina womufotokozera, koma nthawi yozizira ino inu muli patsogolo ndi maola 7, ndiye ndinangoyang'ana mayina anu pa WhatsApp, nonse muli m'tulo. Kusungulumwa kwa kuno n'kotero: anthu mamiliyoni, koma wokufunsa kuti mwaswera bwanji palibe.

Ine ndili kumbali ya makolo okana. Ana a charter sindidana nawo, ndipo makolo awo ndimawamvetsa. Koma mzinda wolemera chonchi sungalephere kupezera sukulu iliyonse nyumba yake, m'malo molanda chipinda cha mwana wolumala kuti mwana wina wosauka apezepo mpando. Inu abale anga, amfumu akaitana ntchito ya chitukuko pa sukulu, pitani. Komiti ikaitana msonkhano wa makolo, musatume mwana kuti akakumvereni. Sukulu imene makolo ali ndi mawu pa iyo ndi yamtengo wapatali kuposa nyumba zosanja za kuno, ndipo muisunge isakuchokeni m'manja.