Chaka Chachisanu

Masamu a chaka choyamba cha uinjiniya sasankhidwa ngati tomato pamsika. Ku University of Pretoria, kumene ndinalowa mu 2015, njira zinali ziwiri: ya zaka zinayi, imene imakuponya m'nyanja ya calculus ndi maphunziro ena onse nthawi imodzi, ndi ya zaka zisanu yotchedwa ENGAGE, imene imapeputsa mtolo wa poyamba ndi kuonjezera maphunziro olimbitsa maziko. Papepala kusiyana kwake kunali chaka chimodzi chabe. Kwathu ku Segwaelane chaka chimenecho chinali ndi mtengo wake.

Bambo anga, mbadwa ya kwa Kachindamoto ku Dedza, ankaboola mwala wa platinamu mumgodi wina pafupi ndi Marikana. Sitiraka ya 2014 inatenga miyezi isanu, kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo m'nyumba simunalowe malipiro. Chaka chomwecho ndinalemba matric, makolo akubisa kwa ine ngongole za katapila monga munthu abisira mwana maliro. Nditakhoza, abale ankati mwana wanzeru sachedwa pasukulu. Ena ankati njira ya zaka zisanu ndi ya ofooka m'mutu.

Koma ine ndinali nditasanthula buku la chaka choyamba. Calculus wa kusekondale anali wa zitsanzo zoweta, zongotsitsa mphamvu ya x ndi kujambula mzere wokhota. Wa kuyunivesite amafunsa chifukwa chake. Amafuna udziwe tanthauzo la nambala imene umayandikira osaifika, ndipo amayembekeza kuti trigonometry ndi logarithm zili kale m'magazi. Wolephera pamenepo amatsekeredwa khomo la masamu otsatira, ndipo zaka zinayi zija zimasanduka zisanu, mwina zisanu ndi chimodzi, ndi manyazi pamwamba. Kunena zoona, mantha anga sanali pa masamu ayi, koma pa nkhope ya Bambo.

Ndinawafotokozera zonsezi Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi. Anayenda kanthawi osayankha, maso ali kumapiri a Magaliesberg.

"Mwanawe," anatero pomaliza, "pansi paja sitiboola mwala tisanachirikize denga. Wothamangira bonasi timamutulutsa pamachira. Lembetsa zisanuzo."

"Nanga ndalama, Bambo?"

"Zimenezo n'za ine ndi amako."

Ndinalembetsa. Nyumba imene ankamanga kumudzi ku Dedza inakhala yosafolera mvula zisanu, ndipo malata ake anagulidwa mu 2020.