Ndodo ya mbedza

Ndikukula kufupi ndi Embangweni m'zaka za m'ma 1980, ndodo ya mbedza sinkagulidwa. Tinkadula nsungwi yokhwima m'chilimwe n'kuisomeka kudenga la khitchini kuti utsi uiumitse. Ikakhala yokhota tinkaiwongolera pamakala: kuitembenuza pang'onopang'ono m'manja mpaka ituluke thukuta, kenako n'kuipanikiza pabondo. Ukangochita chidodo, mbali imodzi inkapserera, ndipo tsiku limene mlamba wa mu South Rukuru wakoka mwamphamvu, ndodo inkathyokera pomwepo. Chingwe tinkachisolola m'matayala akutha, nyambo n'kukhala nyongolotsi za kudimba. Agogo aakazi ankangotiyang'ana m'mbali. Ankati Mngoni weniweni sadya nsomba, koma mphika wawo ankatibwereka ndithu.

Itadutsa 1994, anyamata a kwathu anayamba kukhamukira ku Joni mwaunyinji. Pa Khirisimasi ankatsika pa Jenda ndi zikwama zotupa, ndipo ena ankabwera ndi ndodo za fibreglass zokhala ndi timphete ndi chopotera chingwe. Ndinaziona koyamba ku damu la Luwawa. Mtima unandiwawa. Ndinkaganiza kuti luso lathu lathera pomwepo, popeza ndodo zimenezi zikaduka kamphete ankangoziponya kuseri kwa nyumba.

Chaka chatha ndinakacheza kwa mwana wa mchemwali wanga pa boma la Mzimba. Ku Johannesburg ankagwira ntchito kwa munthu wokonza ndodo, ndipo tsopano amatolera zotayidwa zija n'kuzidzutsa. Kamphete amakamangirira ndi ulusi, mzere kugundana ndi mzere, n'kupakapo epoxy, guluu wosakaniza mankhwala awiri mofanana. Vuto lake guluuyu sauma msanga. Kwa maola angapo amakhala ngati uchi, ndipo ndodo ikangokhala phee, yense amatsetserekera pansi n'kuuma ngati chotupa. Iyenera kumazungulira osaima.

Poyamba anayesa mota ya ma wiper a galimoto chifukwa imayendera batire ya solar. Inkathamanga kwambiri, guluu n'kuunjikana mbali imodzi. Kenako anachotsa kamota kamene kamazunguza mbale mu microwave yakufa. Kameneka kamazungulira ka 5 kapena ka 6 pa mphindi, ndipo sikadya magetsi ambiri, koma kamafuna magetsi a m'nyumba. Tsiku lina magetsiwo anazima pakati pa ntchito, iye n'kukhala pampando mpaka usiku akupotoza ndodo ndi zala. Kuyambira pamenepo amakalumikiza ku inverter.

"Amalume, apa liwiro si nzeru," anandiuza akuloza kamotako. "Mukamasankha muone kuti ndi yofatsa, komanso kuti siitentha ikayenda usiku wonse."

Ine ndimaikondabe nsungwi. Imakuuza m'dzanja nsomba ikangogunda nyambo, ndipo sindinapeze ndodo yogula yondiuza choncho. Komabe ndinasangalala kwambiri kuona mwana wa kwathu akupanga chinthu ndi manja ake, akudziwa kudikira monga tinkadikirira ife pamakala paja.

Ndisanachoke anatulutsa nsungwi imene anadula ku Champhira, atayiumitsa kale, nandipempha kuti ndimuwongolere, iye adzaikepo timphete. Tinakoleza mbaula pakhonde. Ndinaigwira nsungwiyo n'kuyamba kuitembenuza, kamota kake kakung'ung'udza m'chipinda, mpaka mfundo yoyamba inayamba kunyezimira ndi thukuta.