Kalata kwa achimwene, musanapite ndi amayi kunyanja

Achimwene,

Ndamva kuti pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala, mukufuna kukawaonetsa amayi nyanja ku Mangochi. Mwaganiza bwino kwambiri. Anatilera movutikira, ndipo nyanjayo amangoimvera kwa anzawo a kutchalitchi. Pempho langa ndi limodzi: nkhani ya chakudya muikonzeretu musananyamuke.

Amayi mukuwadziwa. Akangoona mtengo wa chambo pa menyu ya kuhotela, anena kuti alibe njala. Akhala tsiku lonse ndi Fanta mmodzi, n'kumamwetulira kuti inu musadandaule, kenako abwerera kunyumba m'mimba muli pululu. Zimenezi n'zimene zikundisowetsa mtendere.

Malo ambiri ogona alendo ku Nkopola, ku Cape Maclear ngakhalenso ku Senga Bay amaika mitengo poganizira mlendo wobwera ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mlendoyo sanamve kuwawa, koma ife olandira malipiro a kwacha tinalira. Eni malowo nawonso sindikuwada kwenikweni. Magetsi akathima amayatsa jenereta kuti nsomba zisaole ndiponso zakumwa zizizizira, pomwe dizilo ndi wodula ndipo nthawi zina amasowa. Mafuta ophikira ndi zakumwa zimachokera kutali, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pamwamba pake pali msonkho wa VAT ndi wa zokopa alendo. Zonsezi zimathera m'mbale ya munthu wakudyayo.

Chimene chimandiwawa ine ndi chambo. Nsombayi yachepa poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980. Ku nyanja ya Malombe inatsala pang'ono kutheratu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono okokolola ndi ana omwe. Lero msodzi amachezera pamadzi usiku wonse, akapha chambo sayerekeza kuchidya, amakachigulitsa, ana ake n'kudyera bonya. Chambo chomwecho chikangodutsa pageti ya hotela, Mmalawi wamba sachikwanitsanso. Nyanja ndi yathu, koma ndiwo zake zasanduka za alendo.

Ndiye chitani chonchi. Imbani foni kaye mufunse ngati amalipiritsa pageti, komanso ngati amalola kulowa ndi chakudya cha kunyumba, chifukwa malo ena amakaniza. Mlamu aphike mpunga ndi nkhuku, mutenge ndi chigubu cha thobwa, ana asamalirire zakumwa za pa bala. Mukafika ku Cape Maclear, musangokhala kumchenga. Lowani m'mudzi wa Chembe, kuseri kwa malojiko, kumene kuli timalesitilanti tophika nsima ya kampango kapena utaka pamtengo woti munthu n'kupuma, ndipo ndalama yanuyo ikatsala m'manja mwa amayi a m'mudzimo. Kulikonse, funsani mtengo musanaitanitse. Si manyazi ayi.

Koma chakudya chimodzi chokha muwagulire amayi kuhotelako. Menyu asaione. Pitani nokha kwa woperekera zakudya, muitanitse chambo chathunthu chootcha, mulipiriretu, iwo angoona mbale yafika. Akafunsa mtengo, muwauze kuti ana awo alipira kale. Gawo langa nditumiza pa Mpamba mwezi ukatha.

Moni kwa mlamu ndi ana.

Ndine mlongo wanu.